Command mungaikwanitse, bola mlamu asakhudze laputopu

Akulu, mwati mumangosewera mukaweruka ku ntchito ndiye mukukayika ngati Command: Modern Operations, gemu ya pa kompyuta ya nkhondo za m'madzi ndi za mumlengalenga, ndi ya anthu ngati ife, ine ndikuti mungaikwanitse koma imvani kaye zanga musanatulutse khadi la Visa chifukwa ikakhala kuti siili pa sale pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imafika pafupifupi madola 80, musinthe nokha ku makwacha muone. Ndipo za gemu ina ija ya sitima za nkhondo, World of Warships, muiwaliretu, kuno kulibe sitima yokongola yomwe mukuiona ikudula mafunde, kuli mapu chabe ndi tizizindikiro ta buluu, tofiira ndi tachikasu, ndi mawu ambirimbiri akuyenda m'mphepete mwa sikirini.

Ine zanga zinachitika mu 2024 nthawi ija Kariba inaphwa malaiti akubwera mwa apo ndi apo, kwathu ku Chilenje tinkachita kudzuka usiku kuti titchaje mafoni. Loweruka lina malaiti anabwera masana, ndinati lero ndi lero. Ndinali ndi scenario ya nthawi ya Cold War, m'ma 1980, kuperekeza sitima za katundu kudutsa kufupi ndi Iceland, ndili ndi ma frigate, sitima za nkhondo zoperekeza, a mtundu wa Oliver Hazard Perry, aja a launcher imodzi kutsogolo ndi mizinga 40 m'mimba, kuphatikiza ma helikopita. Ndinali nditaikonza bwinobwino abale, ma rada onse ozimitsa, EMCON, ndiye kuti lamulo la zida zotulutsa ma signal, yonse pa passive, kungomvetsera basi, sitima zikuyenda pang'onopang'ono kuti sonar, chida chomvetsera pansi pamadzi, izimva, helikopita ikuponya ma sonobuoy, tizida toyandama tomvetsera pansi pamadzi, kutsogolo kwa gulu, ndinali nditapezanso GOBLIN imodzi, ndiye kuti kanthu kapansi pamadzi kosadziwika, ndikuilondola mwakachetechete. Ndege ya Soviet ija yosakasaka, Tu-95 Bear, inali itadutsa kutali osationa. Mtima unali mbee.

Ndiye kunabwera mlamu wanga wa ku Matero, mchimwene wa madamu. Munthu ameneyu anagwirako ntchito ya ulonda pa kampani ina ndiye chilichonse cha usilikali amati amachidziwa, nkhani ya Ukraine akaiyamba simungalowetsepo mawu. Anakhala pambali panga akuyang'ana, akuti ba mulamu mukuyenda bwanji mu mdima ngati mfiti, yatsani rada muone adani. Ndinamufotokozera, anangoseka. Kenako madamu akuti malasha atha pitani pa msika, ine ndinaika pause, ndinanenanso ndi pakamwa panga kuti mulamu osakhudza, iye akuti ah ine za ana sindisewera.

Pobwera ndi thumba la malasha ndikumva ali kukuwa yekha m'nyumba, iwe iwe iwe. Kulowa, sikirini yonse mizere yofiira, message log ikungothamanga VAMPIRE VAMPIRE VAMPIRE, amene simunaisewere dziwani kuti mawu amenewo ndi mzinga wa adani umene ukubwera pa sitima yako. Munthu anachotsa pause, anayatsa rada pa sitima ILIYONSE, ndiye poona kuti palibe chikuchitika anathamangitsa nthawi ya mu gemu mpaka pa liwiro lomaliza. Bear ija inatola ma signal athu ili kutali, inaitana ndege zoponya mizinga, ma Tu-22M Backfire, ndipo amenewo safika pafupi, amangotulutsa ma Kh-22 ali kutali nkutembenuka kubwerera kwawo, mzinga wake umathamanga kuposa katatu liwiro la phokoso. Ndinataya malasha pakhomo ndikulanda mausi, manja akuda bii, kubweza nthawi pa real time koma zinali zitatha kale, ka Perry kanga kakuyesa kuponya ma SM-1, mizinga yogwetsera ndege ndi mizinga ya adani, koma kamangotha kulondolera ochepa nthawi imodzi, mfuti yodzitetezera ya Phalanx inalira pang'ono nkukhala chete, tanker inayamba kuyaka, ina ya katundu inangosowa pa mapu osatsanzika, frigate yachiwiri damage control ikuonetsa moto ndi madzi akulowa zonse pamodzi, ine ndikungodina paliponse thukuta lili kamukamu. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi helikopita ija, inali ikadali kutsogolo ikumvetsera ma sonobuoy ake mokhulupirika, mafuta anafika pa bingo, ndiye kuti atsala ongokwanira ulendo wobwerera, ikufuna kubwerera koma sitima yake yamira, ndinaiyang'ana ikuzungulira mpaka inagwa m'madzi. Ndipo GOBLIN ija ndinkaisunga ija inapezerapo mwayi nkumaliza otsala ndi ma torpedo.

Sizinathere pomwepo. Pofufuza mu log ndinapeza kuti mkuluyu anaponyanso mizinga ya Harpoon pa SKUNK yachikasu, sitima yosadziwika, ati inkaoneka yokayikitsa. Inali boti la asodzi. Ma points anapita ku negative. Ndinati basi ndibwerere pa save yanga, kutsegula, munthu anasevera pamwamba pa fayilo yanga ati amafuna kundisungira pomwe wafika, ndipo autosave nayo inali itadzaza kale ndi zinyalala zake. Ndisanapume nkomwe malaiti phethi, batire la laputopu yanga linafa kalekale ndiye sikirini inangoti bii.

Mukudziwa zimene ananena? Ati gemu yanu ndi yabodza ba mulamu, sitima ya America singamire chonchi. Madamu nawo akuti ndi gemu chabe musachititse manyazi mlendo, tolani malasha. Anadya nsima yanga munthu ameneyu, nkhuku, anatenganso chiwalo chachikulu, pochoka nkupemphanso ya basi. Mpaka lero sanapepese, tikakumana pa maliro kapena pa kitchen party amayamba yekha kuuza anthu kuti mlamu wanga amalirira tizombo ta pa kompyuta. Ine anthu odziwa zonse ndimadana nawo, munthu sunaonepo nyanja kupatula Siavonga pa Khirisimasi koma ukufuna kuphunzitsa anthu nkhondo ya m'madzi.

Ndipo gemu si yabodza ayi, ndi pomwe pamandipsetsa mtima. Rada ili ngati tochi mu komboni malaiti atazima, iwe umaona mamita ochepa kutsogolo kwako koma aliyense wa kutali waona kale pomwe uli. Zida za ESM, zongomvetsera ma signal, zimamva rada ya mnzako patali kuposa pomwe rada yakeyo ingakuone. Komanso dziko ndi lozungulira, rada ya pa sitima siona chinthu chouluka munsi pafupi ndi madzi mpaka chitafika makilomita 30 kapena 40, ndiye Exocet, mzinga womenyera sitima, yothamanga pafupifupi makilomita 1,100 pa ola ikupatsani mphindi ziwiri chabe. Sitima ya Britain ya HMS Sheffield inamenyedwa ndi Exocet pa 4 May 1982 ku Falklands, anthu 20 anafa. USS Stark, yomwe ndi Perry yeniyeni ngati zanga zija, inalandira ma Exocet awiri kuchokera ku ndege ya Iraq mu 1987, anthu 37 anafa, sitimayo sinamire koma inapsa koopsa. Moskva ya Russia inamira mu April 2022 ngakhale inali ndi zida zambiri zodzitetezera. Ndiye wina azindiuza kuti yabodza.

Manje malangizo anga. Ikani password pa laputopu, ma save muzipanga ambiri ndi maina osiyana, ina muziponya pa flash. Mu options muli poti gemu iziima yokha ndi kutulutsa uthenga ikaona contact yatsopano kapena mzinga, yatsani zimenezo musanathamangitse nthawi. Chachikasu chilichonse osachiombera, tumizani helikopita kapena ndege ikachione kaye, weapons muzisiye pa tight kuti ziziombera okhawo otsimikizika kuti ndi adani.

Koma osamangokhalanso mu mdima mpaka kalekale, rada muziyatsa ndithu. Mukhale ndi ndege kapena helikopita kutali ndi gulu, iyo ndiye iziyatsa, adani aziona iyo osati sitima. Ndipo mukangodziwa kuti akuonani yatsani zonse nthawi yomweyo chifukwa SM-1 siuluka popanda rada yoilondolera, kukhala chete pamenepo nkudzipha. Kunena zoona njira yachangu yophunzirira gemu imeneyi ndi kungodina zinthu, yatsani zonse, thamangitsani nthawi, zimire, kenako muwerenge log muone chakuphani nchiyani. Manual yake ndi masamba mazanamazana, munthu wobwera kotopa ndi ma jam a pa Great East Road sangaiwerenge, pangani ma tutorial a mkati momwemo, yambani ndi sitima imodzi kapena sabumarini imodzi, ma scenario akuluakulu a ma carrier, sitima zonyamula ndege, asiyeni kaye. Muphunzire mission editor msanga, muike ma reference point pa mapu, mupange patrol, ma unit azigwira okha ntchito, apo ayi muzayendetsa ndege iliyonse ndi dzanja mpaka kucha. Database musaiope, ilipo iwiri, ya Cold War ya 1946 mpaka 1979 ndi DB3000 yoyambira 1980, simukuyenera kuiloweza, mungodina dzina la chida muone range yake basi, ndipo kumbukirani kuti zonse zili mu ma nautical mile, imodzi ndi makilomita 1.852. Ngati mungapeze munthu wokhala naye pambali muzisewera awiri, wina aziwerenga log wina ali pa mausi, zimakoma kwambiri kuposa wekha.

Za refund samalani, Steam imabweza ndalama ngati simunapitirire maola awiri mukusewera komanso masiku 14 chigulireni, koma mu Command maola awiri amatha mukadali kufufuza kuti batani la sonar lili pati. Ndiye onerani kaye mavidiyo pa YouTube bundle ya usiku ikalowa. Mukaona kuti mapu okhaokha akugonetsani tulo, gemu ya Cold Waters ya 2017 ilipo, mumayendetsa sabumarini imodzi ndipo mumaiona ndi maso, kapena Sea Power yomwe inatuluka pa early access, ndiye kuti isanamalizidwe kupangidwa, mu November 2024, koma imeneyo imafuna graphics card yabwino, pa ka laputopu ka ku ofesi izangokokera. Command yokha imadya kwambiri processor ndi RAM scenario ikakula, ndipo ndi ya Windows chabe. Lembani ma specs a makina anu pansipa tione ngati ingayende, sale ya Steam ya December musaiphonye.