Mapu a pakompyuta sanatitimirepo m'matope a ku East Bank

Mayi wina amene amagawa shuga, sopo ndi mafuta ophikira m'magolosale, ndi malole awiri ochokera ku Lilongwe, wandilembera imelo. Akuti kwabwera mnyamata wa tayi kudzawatsatsa pulogalamu ya mapu a pakompyuta yotchedwa GIS pamodzi ndi ma tracker, tizipangizo tosonyeza pamene lole ili, ndipo walonjeza kuti dizilo azitha pang'ono komanso madalaivala asiya kuzemba. Funso lawo n'lakuti agule kapena ayi.

Mayi, ndikuyankhani, koma mawu akuti "madalaivala asiya kuzemba" andiyabwa, choncho mundipirire kaye.

Ndinagwirapo ntchito yokonza maulendo a malole pa kampani ina ku Limbe. Abwana atagula pulogalamu ngati imeneyi anapachika sikirini yaikulu pakhoma, ndipo m'mawa uliwonse ankaima pamenepo ndi kapu ya tiyi kuonerera timadontho toimira malole tikuyenda. Tsiku lina kompyuta inakonza ulendo wa ku Chigwa cha Shire. Lole itsike ku Thabwa, ilowe msewu wa East Bank, itule katundu ku Fatima ndi ku Muona, kenako idutse pa Chiromo n'kukatulukira ku Bangula. Pa sikirini zinkaoneka zaukhondo, mzere umodzi wozungulira bwino. Dalaivala wake anali bambo wachikulire, wosalankhula zambiri. Anayang'ana pepalalo, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba la shati. Atatula ku Muona anabwerera mpaka ku Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, n'kutsika ndi M1 kudzera ku Nchalo ndi Ngabu. Makilomita anachuluka, dizilo anapita, ku Bangula anafika dzuwa litalowa.

Kutacha anaitanidwa mu ofesi ngati wakuba. Akuti wagulitsa dizilo, wanyamula matola, wakaona chibwenzi. Iwo anangoti, "Bwana, pa Chiromo paja timawoloka pa bwato." Basi. Madzi anakokolola msewu ndi njanji pamenepo mu 1997, ndipo aliyense wa ku Makhanga, ngakhale mwana wa sukulu, ankadziwa zimenezo. Mapu amene tinagula ndi ndalama zambiri sankadziwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti abwana sanapepese. Anangotseka fayilo. Ndipo palibe amene anaganiza zofunsa bamboyo kuti, nanga ndi pati penanso pamene mapuwa akunama? Munthu woti wayenda misewu ya kumwera kuyambira ine ndili mwana, m'mutu mwake muli mlatho uliwonse wofooka ndi dambo lililonse limene limameza matayala mu February, anapuma ntchito n'kupita nazo zonsezo kumudzi.

N'chifukwa chake ndimakana ndikamva anthu akunena kuti GIS ndi chida chogwirira akuba. GIS ndi mapu amene mumasanjikizapo zimene mukudziwa: misewu pansi, pamwamba pake malo a makasitomala, pamwamba pakenso milatho ndi kulemera kumene ingapirire, madera amene amasefukira, masiku a msika. Kompyuta imawerengera njira kuchokera pa zimenezo. Mukaipatsa zabodza, imakubwezerani bodza lokongola, lamitundumitundu, ndipo choipa chake n'chakuti abwana amakhulupirira sikirini kuposa munthu amene wabwera ndi fumbi m'tsitsi. GPS yokha, imene imauza foni kapena tracker pamene ili, sinama kawirikawiri. Foni imamva ma satellite osachepera 4 amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, n'kudziwa pamene mwaima, ndipo pa zimenezo sifuna n'komwe bandulo. Chimene chimanama ndi msewu wojambulidwa pansi pa kadonthoko.

Mnyamata wa tayiyo mwina wakuuzani kale za UPS, kampani yonyamula katundu ya ku Atlanta ku America imene pulogalamu yake, ORION, imakonza njira zopewa kukhotera kumanzere kuti malole asamaime nthawi yaitali podikira magalimoto obwera kutsogolo. N'zoona. Koma kumeneko amayenda kumanja, nyumba iliyonse ili ndi nambala, msewu uliwonse uli ndi dzina. Kuno adiresi ya kasitomala ndi "mukapitirira chigayo mukhote, mufunse kwa amayi ogulitsa mandasi". Pitani ku Chinsapo kapena ku Area 36 mukaone ngati pulogalamu ya ku Atlanta ingapeze golosale ya kuseri kwa tchalitchi. Wakabaza wa pa siteji amaipeza osaganiza n'komwe. Komanso nthawi imene Google Maps imakupatsani ndi ya galimoto yaing'ono. Siwerengera lole yodzaza shuga ikukwera chitunda pa giya yoyamba, siwerengera rodibuloko, sikelo ya malole, kapena mzere wa pa filling station masiku amene dizilo wasowa.

Musandimve ngati wodana ndi mapu. Namondwe Freddy atawomba mu March 2023, misewu ya ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje itaduka, onyamula chakudya ndi mankhwala ankadalira mapu osonyeza pamene padutsika ndi pamene pafunika bwato kapena helikopita, ndipo mapuwo ankasinthidwa malipoti akamabwera kuchokera kwa anthu amene ali pamalopo. Kusiyana kwake n'kumeneko, panali wina womvera amene ali pansi. OpenStreetMap, ntchito ya mapu a pa intaneti imene inayamba ku Britain mu 2004, imayenda motero: aliyense angathe kulembetsa n'kukonza msewu wolakwika, ngakhale inuyo. Dziko lathu lilinso ndi MASDAP, tsamba la pa intaneti losungira mapu a boma ndi mabungwe, ndipo ambiri a bizinesi sanalitsegulepo. Timakonda chinthu chikabwera ndi munthu wa sutikesi ndi invoice.

Za invoice zomwezo, funsani ngati malipiro a pamwezi amawerengedwa mu dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anasaina mapangano otere anadzuka bilu itakwera lole isanasunthe.

Nanga mugule?

Pulogalamu yaikuluyo, ndi malole awiri, ayi, osati panopa. Uzani madalaivala kuti akaima pakhomo la kasitomala aliyense azikutumizirani location pa WhatsApp, ndipo inu muzilemba manambala a malowo mu Excel pamodzi ndi dzina la shopu, tsiku la msika ndi nthawi imene mwini wake amakhalapo. Mukhale nawo pansi Loweruka lina, muwagulire Fanta, akuuzeni misewu ya chilimwe ndi ya dzinja, chifukwa ndi mapu awiri osiyana. Zikakwana, mwana wa sukulu amene anaphunzirako QGIS, pulogalamu ya mapu yomwe ndi yaulere, angakuikireni zonse pa mapu amodzi, muone okha amene ali njira imodzi koma mumawapitira masiku osiyana. Dizilo wambiri amathera pamenepo. M'mafoni a madalaivala ikanimo OsmAnd kapena Organic Maps, mapulogalamu a mapu amene amagwira popanda netiweki mukatsitsiratu mapu a Malawi.

Tracker wamba gulani, amathandiza lole ikabedwa kapena ikafera pakati pa Kasiya ndi Santhe usiku. Muwauze madalaivala kuti mwaika, musabise. Ndipo kadontho kakapatuka pamzere, imbani foni mufunse kuti kutsogoloko kwatani musanayambe kuwerengera malita.