Chifukwa chake makalabu ovina ovula amachuluka kwina

Achimwene, nkhani yagona pa malamulo a dera, osati kuti anthu akumeneko ndi achilakolako kuposa ena. Ku Portland, mzinda wa m'chigawo cha Oregon m'dziko la America, makalabu otere ali mbwee chifukwa mu 1987 khothi lalikulu la Oregon linagamula kuti boma lisaletse zinthu pongoti ndi zolaula. Iceland inawaletseratu mu 2010. Ku England, lamulo la 2009 linapatsa makhonsolo mphamvu yokana kulola ngakhale kalabu imodzi m'dera lawo.

Ndaonanso kuti makalabuwa amatsata ndalama: komwe kumadzaza alendo ndi misonkhano ikuluikulu, ngati ku Las Vegas, sasowa. Ngati ina ikutsegulidwa pafupi ndi kwanu ndipo mukufuna kuitsutsa, kaonaneni ndi loya wodziwa za malaisensi, poti malamulowa amasiyana mzinda ndi mzinda.