Za ku Chilwa mwandikumbutsa zowawa

Achemwali eeh mwandikumbutsa zowawa, ndangowerenga zoti gulu lanu likufuna kukagona m'matenti ku nyanja ya Chilwa n'kukapalasa bwato kuona mbalame, mtima wangoti phwii. Ifeyo tinapita Okutobala 2018, aphunzitsi 9 ochokera konkuno ku Kasungu, ndalama tinasonkha miyezi inayi yathunthu n'kutumizira mnyamata wina wake wa ku Zomba amene ankati ndi gaidi, akuti matenti, boti la injini, ma laifu jaketi, chakudya, zonse zili kwa iye. Tinanyamuka mbandakucha, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde, kukagona Zomba, m'mawa n'kutsetsereka pa doko la Kachulu kuti tiwolokere pa chilumba cha Chisi.

Chimene sanatiuze munthu uja n'choti chaka chimenecho nyanja inali ikuphwa. Chilwa si ngati nyanja ya ku Nkhotakota ija ayi, ndi yosaya, mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe imangothiramo koma palibe mtsinje wotuluka, madzi amangouma ndi dzuwa mchere n'kutsalira, ndiye mvula ikavuta imabwerera kutali, inaumapo mu 1968 komanso 1995. Aliyense pa Kachulu ankadziwa zimenezi, ngakhale mwana wogulitsa mandasi. Iyeyo sankadziwa bwanji? Ankadziwa ndithu, koma ndalama anali atadya kale.

Boti la injini kunalibe, laifu jaketi ngakhale imodzi ayi. Anatikweza boti lamatabwa lokankha ndi nsungwi, anyamata awiri okankha, iye n'kunena kuti tsogolani ndikutsatirani ndi matenti. Cha m'ma 2 koloko masana boti linatitimira m'matope, kutsogolo ayi kumbuyo ayi. Mthunzi kulibe, dzuwa la Okutobala mukulidziwa, madzi akumwa tinangotenga mabotolo ang'onoang'ono poti anati ambiri ali m'katundu wake. Anatha isanakwane 4 koloko. Mwazunguliridwa ndi madzi koma simungamwe, ine ndinayesa kulawa, amchere, amatope, onunkha, ndinalavula. Amuna tinatsika kuti tikankhe, matope kufika m'ntchafu, ukazula mwendo uwu wina ukumira, nsapato zanga zinatsala momwemo mpaka lero. Ndiye mayi wina mnzathu, wamkulu pa tonse, amadwala BP, anayamba kunena kuti ndikuona mdima, kenako anangoti lende m'botimo. Tinamupepesera ndi chitenje, wina akupemphera mokweza wina akulira, ine ndikuimba foni ya gaidi uja kakhumi konse, yozimitsa. Abale ine ndinali nditayamba kale kuganiza mawu oti ndikawauze amuna awo, poti amene ndinawakakamiza kuti tiyeni mayi mukapumeko ndinali ineyo.

Dzuwa litangolowa udzudzu unabwera ngati utsi. Sindikukokomeza, umalowa m'makutu, m'mphuno, ukatsegula pakamwa walowa. Anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire msodzi, anamva phokoso lathu n'kubwera ndi bwato lake laling'ono, n'kumatitenga awiriawiri kupita pa chimbowera chawo, timisasa tija asodzi amamanga pamwamba pa udzu pakati pa dambo. Anatipatsa madzi a m'chigubu chawo, nsima ya matemba, mayi aja anawagoneka m'neti yawo imodzi yokhayo iwo n'kukhala panja usiku wonse. Titawapatsa ndalama m'mawa anayamba akana kaye. Munthu wosatidziwa n'komwe, pamene uja tinamulipira anali kaya ali pa bala kaya kuti. Mpaka lero sanabweze ngakhale 1 tambala, titamupeza pa WhatsApp anati vuto ndi ife tinachedwa kufika pa doko, kenako anatibloka. Mxm. Anthu ngati amenewa ndi amene akuipitsa mbiri ya achinyamata ena achilungamo amene akuyesetsa pa nkhani zokopa alendo, Mulungu yekha amuone. Titabwerera atatu tinagwa malungo sabata yomweyo.

Ndiye ine ndikuti musapite, zoona musavutike. Lifupa ili pakhomo pomwepa mu Kasungu National Park, mvuu zili pa damu pomwepo, njovu zinachuluka chibweretsereni zija 263 zochokera ku Liwonde mu 2022, mukagona madzulo mwabwerera kwanu osawononga transipoti ya Zomba.

Komabe sindinama, m'mawa uja pa chimbowera ndinaona zimene sindinaonepo moyo wanga wonse, akakowa mbuu dambo lonse, atsekwe, avuwo, nkhwazi ikulira chapatali, bango likungogwedera, n'chifukwa chake malowa anawaika pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wotchedwa Ramsar mu 1997. Ngati mtima wanu uli komweko pitani ndithu koma mvula ikangotha, Epulo kapena Meyi madzi akadali odzaza, mphepo ya mwera isanalimbe. Musatumizire munthu aliyense ndalama zonse musanaone boti ndi maso anu, komanso musangofika osapangana ndi wina wa komweko, mupezeretu munthu kudzera kwa mphunzitsi kapena wa mpingo wa ku Zomba, mwina kadipoziti pang'ono kuti akusungireni boti. Madzi akumwa zigubu zanuzanu ndipo zikwere boti limene mwakwera inuyo, kolera kumeneko imavuta kawirikawiri makamaka kwa asodzi. Neti, tochi, tenti, mankhwala a aliyense wodwala, pamiyendo panu osati kumbuyo ndi munthu wina. Ndipo ngati muli ndi ana pa gululo achemwali chonde asiyeni kwa agogo awo.