Ngakhale mwana wa zaka 9 akungodutsa

Funso: Ndikuphunzira JavaScript, chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta, pandekha madzulo ndikaweruka kuntchito. Ndapanga katsamba kofunsa zaka za munthu kuti wosakwana 18 asapitirire, ndipo ndinalemba if (zaka = 18). Koma aliyense akungodutsa, ngakhale ndilembe 9. Kodi kompyuta yangayi yazungulira mutu? Wophunzira, ku Zomba.

Yankho: Achimwene, kompyutayo musainamizire, yachita zomwe munaituma. Chizindikiro cha = chikakhala chimodzi sichifunsa kanthu, chimangoika. Mwailamula kuti itenge 18 iike mu zaka. Ndiye 9 uja wafufutika pomwepo, ndipo poti JavaScript imatenga 18 ngati true (zoona), chitseko chatseguka. Mwalemba mlonda amene m'malo mofunsa chiphaso, akumulembera aliyense chatsopano pageti pomwepo.

Pofunsa ngati zinthu ziwiri n'zofanana timalemba ===. Koma kwa inu ngakhale chimenechi sichithandiza, chifukwa chidzalola wa zaka 18 yekha, agogo a zaka 70 n'kubwezedwa. Chanu, chofunsa ngati zaka zakwana 18 kapena kupitirira, ndi >=.

Pali msampha wina umene ine unandidyera usiku wathunthu, mpaka nsima kuzizira patebulo. Chilichonse chochokera m'kabokosi ka fomu chimabwera ngati mawu, ngakhale munthu alembe nambala. Choncho "18" === 18 imayankha false (si zoona). Choseketsa n'chakuti "9" > "18" imayankha true, chifukwa mawu awiri amayerekezedwa ngati mu dikishonale: yaona 9 ndi 1 koyambirira, basi mlandu watha. Musadabwe nazo kwambiri. Brendan Eich analemba chinenerochi mu 1995 ku Netscape m'masiku 10 okha, ndipo === uja anachita kuwonjezeredwa pambuyo pake.

Lembani chonchi, kuti Number asandutse mawuwo kukhala nambala:

const zaka = Number(bokosi.value);
if (zaka >= 18) {
  alert("Lowani");
} else {
  alert("Pepani, mudikire mukule");
}

Ndaika const dala. Mukadzaiwalanso n'kulemba = mmodzi, const sadzalola kuti zaka zisinthidwe, ndipo mukadina F12 mu Chrome mudzaona uthenga wofiira mu console, kawindo koonetsa zolakwika, wokulozerani mzere womwe walakwika.

Mukakonza musayese ndi 9 yekha. Yesani 17, 18 ndi 19, kenako musiye kabokosiko kopanda kanthu. Number amasandutsa kopanda kanthuko kukhala 0, ndiye munthuyo ayenera kubwezedwa. Zikakanikabe, mutilemberenso.