Phala la mwanayo lisamayenderere pa supuni

Pa gulupu ya banja ya pafoni, mayi wina wa ku Thyolo analemba kuti: "Achemwali, mwana sakukwera sikelo, miyezi iwiri tsopano ali pa makilo 6.4 pomwepo. Akadya akubweza, m'mimba namo mukungotseguka. Ndimudyetse chani kuti anenepe?" Achemwali ake a ku Mulanje anayankha pa mawu:

Eee, mng'ono wanga, uthenga wako ndauona. Pepa ndachedwa, foni inali kwa aneba ku chaji. Ndingoyankhula basi, zolemba ndi zala zangazi tingafike mawa. Ukamva phokoso ndi mvula pa malata, lero phiri silikuoneka n'komwe.

Chithunzi cha buku la kusikelo chija ndachiyang'ana bwinobwino. Miyezi 8, makilo 6.4, mzere wagona. Anyamata ambiri a msinkhu umenewo amakhala cha m'ma 8 ndi theka. Ndiye sindikunamiza ayi, mwanayo watsalira. Koma usayambe kulira. Wanga wachiwiri uja unamuona wekha mmene analili, nthiti zochita kuwerengeka, lero si ameneyu akubwera usiku kuchokera ku mpira.

Usanakhudze za mphika, mawa m'mawa umubereke upite naye kuchipatala. Usadikire tsiku la sikelo la mwezi wamawa. Kaya pa boma, kaya ku Malamulo ngati kukuyandikira, pita. Ukafike uwauze zonse, usakangoti "mwana sakudya". Uwauze kuti kutsegulako kunayamba liti, kangati patsiku, chimbudzi chake chikuoneka bwanji, muli magazi kapena ayi. Kutsegula kukapitirira masiku 14 iwo amakuona mwa mtundu wina, sikofanana ndi kwa masiku awiri. Akamuyeze pamkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu. Kakagwera pofiira, ndiye kuti sanafike masentimita 11.5, pachikasu ndi pakati pa 11.5 ndi 12.5, kobiriwira ndi kupitirira apo. Akamudinenso pamwamba pa mapazi onse awiri, aone ngati pakutsala dzenje. Malungo ayeze, magazi ayeze, ndipo akanena za HIV usakwiye, amayeza mwana aliyense wosakwera sikelo. Ngati pakhomopo pali wina wotsokomola nthawi yaitali, ukanenenso, chifukwa TB mwa mwana nthawi zina imangoonekera pa sikelo pomwepo. Ndikulimbikira izi chifukwa ukhoza kuthira zabwino zonse m'phala, koma ngati mkatimo muli matenda, ukutungira madzi m'dengu.

Akaona kuti ndi wa chiponde, akupatsa. Kapaketi kamodzi kaja kali ndi makalori 500, ndiwo muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, ndi mankhwala amenewo, si ndiwo ya buledi. Ndikudziwa akulu akewo azikaima pakhomo kumeza malovu, ubise. Ndipo usagule cha pamsika, achipatala amawerengera mapaketi malinga ndi kulemera kwa mwana. Akati agone ku NRU, wodi ya ana onyentchera ija, gona naye, kumeneko amayamba ndi mkaka wapadera uja wa F-75 kuti m'mimba muyambe mwakhazikika. Za kuntchito tiona.

Tsopano za kunyumba, ndipo apa ndipomwe ndikufuna utchere khutu. Ife tikaona mwana wowonda timaganiza kuti mankhwala ake ndi mbale yaikulu. Ayi. Kamimba kake kangofanana ndi kachibakera kake komwe, kapu imodzi ya tiyi sikangaimalize. Ndiye iwe ukakadzaza ndi phala lamadzimadzi lija agogo ake amakonda, lomwetsa ndi dzanja, mwana wakhuta madzi. Ukamukakamiza kuti amalize, akubwezera pa chitenje. Mbale isakule, koma supuni iliyonse yolowa m'kamwamo ikhale yonona. Tunga phala, upendeke supuni. Likayenderera ngati thobwa, silinafike. Lizikakamira, lizigwa mwaulesi.

Ku keya gulupu, gulu lathu lophunzitsana kasamalidwe ka ana, anatiphunzitsa kuti mwana woyamwa wa miyezi 6 mpaka 8 amafuna makalori ngati 200 patsiku ochokera ku chakudya, kuwonjezera pa bere, akafika miyezi 9 amakwera kufika 300. Wako poti watsalira afunika oposa pamenepo. Tsono tamvera, kasupuni kakang'ono kamodzi ka mafuta ophikira kali ndi makalori 40. Kamodzi kokha! Ndipo m'mimba sikatenga malo. Waona pamene pagona nkhani?

Ufa ukhale wa mgaiwa, usefe bwino. Woyera uja ngokoma pa nsima ya alendo, koma zabwino zake zinatsala mu gaga ndi m'madzi onyikira mphale. Phala likamapsa thiramo nsinjiro supuni yaikulu imodzi, lipitirire kubwata. Mtedza wake usankhe wekha ndi maso ako, wofwifwa, wobooka, wachuku, taya, usaumire, chuku cha mtedza chimawononga chiwindi. Ukaphula, dontheza mafuta. Poti m'mimba mwake simuli bwino, yamba ndi theka la kasupuni, masiku awiri atatu, ukaona kuti palibe chosintha ufike kasupuni kathunthu. Ukapeza Likuni Phala, ndi chimanga ndi soya zimenezo, phika molimba chimodzimodzi, mafuta uthirebe. Soya wogayitsa wekha ayambe wakazingidwa, wamuwisi amatupitsa mimba ngakhale ya munthu wamkulu.

Ndiye pali kanzeru kena. Phala likalimba, ana ena amavutika kumeza, makamaka wofooka ngati ameneyo. Usathire madzi. Tenga chimera chija timapangira thobwa, cha mawere kapena cha chimanga, chouma bwino chogayitsa, utape pang'ono pa nsonga ya supuni, uthire phala litapola pang'ono, utakase. Udikire kanthawi, uona lokha likusungunuka ngati wathira madzi pomwe sunathire. Kenako ulibwezere pamoto libwatenso, ndiye upozetse. Mphamvu zonse zili momwemo koma likulowa mosavuta. Ine tsiku loyamba kuona ndinkayesa matsenga.

Iii, dikira, mbuzi yalowa m'khitchini.

Eya, ndabwera, inaduka. Ndimanena za phala. Tsono si phala lokha. Ifeyo a ku Thyolo ndi Mulanje tikamadandaula za chakudya cha mwana nyengo ino, Mulungu amatiseka. Mapeyala akungogwa okha, ena akudya agalu. Peyala lakupsa bwino, kanda ndi supuni, upote, lokha kapena ndi nthochi yakupsa, umupatse pakati pa chakudya. Muli mafuta ambiri mmenemo, ndiponso ndi lofewa, ana ambiri salikana. Dzira uwiritse lipse mpaka mkati, unyenye, usakanize m'phala. Zoti mwana akadya mazira sayankhula msanga, kaya adzakhala wakuba, zisiye, ana ako akulu aja anadya ndipo pakamwa sipatsekeka. Usipa kapena matemba ouma, kazinga pang'ono, sinja, sefa kawiri chifukwa cha minga, kaufa kakeko kasupuni kamodzi m'phala. Mbatata yofiira mkati ija, dzungu, kachiwindi ka nkhuku mukapha. Nandolo ndi nyemba uyambe wadikira m'mimba mukhazikike, ndipo podzampatsa uchotse makoko. Kalongonda yekha ayi, ameneyo tisiyire ife akuluakulu.

Koma usachite zonsezi tsiku limodzi chifukwa choti achemwali anena. Chatsopano chimodzi, masiku awiri kapena atatu, uone. Akatuluka zidzolo, milomo kutupa, kapena kutsegula kukachuluka, udziwa kuti wolakwa ndani. Ukaphatikiza dzira, nsinjiro ndi usipa tsiku limodzi, ukamufunsa ndani? Uchi usampatse mpaka akwane chaka. Mchere ndi shuga, pang'ono penipeni, ngakhale osathira.

Kadyetsedwe kake, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Masupuni akulu atatu kapena anayi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, kusiyana ndi chimbale kawiri. Akhale ndi kambale kakekake kuti uziona zomwe wadya. Umukhazike tsonga pamwendo, osati chogona, ndipo zomutsina mphuno kuti ameze zija, ayi ndithu, phala limalowera ku mapapo. Akatembenuza nkhope, mupumitse, muyimbire, uyesenso. Akamaliza umunyamule choimirira paphewa mpaka ageye, akhale choncho mphindi 20 kapena 30. Usamuponye kumbuyo n'kumanga chitenje cholimba pamimba nthawi yomweyo, kenako n'kuwerama kuchapa, chilichonse chibwerera. Pogona agone chagada.

Bere usasiye. Ndabwereza, bere usasiye, ngakhale atsegule bwanji, ngakhale wina akuuze kuti mkaka wako wasasa chifukwa unatandala kumunda tsiku lonse. Mkaka wa m'mawere susasa. Pa zonse zomwe ndatchulazi, chimene mimba yodwala imalandira mosavuta ndi chimenecho. Ayamwe bere limodzi mpaka lifewe ndiye umusinthe, chifukwa mkaka wonona umabwera kumapeto, woyamba uja ngothetsa ludzu. Ndikudziwa ino ndi nyengo yothyola tiyi, umachoka kusanache. Muyamwitse usananyamuke, ufinyire wina m'kapu yoyera yovundikira, agogo ake amumwetse ndi kapu m'mawa momwemo, usapitirire maola 4 kunja kukatentha. Botolo la nsonga lija litaye, losatsukika bwino limenelo, ndi limene limabweretsa kutsegula. Usiku ayamwe mmene angafunire. Iwenso uzidya, wamva? Si zomangomwa tiyi ndi chinangwa n'kumati ndadya.

Ndatchula tiyi, ndiye ndinene. Ndikudziwa pakhomo pamenepo, m'mawa aliyense kapu m'manja, kamwana nako amakapatsa kuti kasalire. Timulime ife, timuthyole ife, koma kwa khanda tiyi ndi madzi odzaza mimba, ndiponso amatsekereza ayironi wa m'chakudya kuti asalowe m'thupi, magazi n'kumachepa. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, mafilizesi, tokhwasula tam'mapaketi tija, zonsezo zimapha njala ya chakudya chenicheni, ndipo zotsekemerazo zimawonjezera kutsegula. Mkaka wa ng'ombe, ngakhale alamu abwere nawo wabwino wa ku Bvumbwe, usamumwetse ngati chakumwa asanakwane chaka. Pamene akutsegula chonchi ungamuwonjezere vuto, bola chambiko pang'ono m'phala, nachonso uyambe wafunsa adokotala mawa.

Za kutsegulako, Thanzi asasowe m'nyumba. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, osachepetsa madzi poganiza kuti akhale wamphamvu. Akachita chimbudzi chamadzi, mumwetse ndi kasupuni pang'onopang'ono, kotala mpaka theka la kapu. Akasanza dikira mphindi 10 uyambirenso. Wotsala kufika mawa lake taya. Akakupatsa zinki, amalize masiku onse amene akuuze, 10 kapena 14, ngakhale kutsegula kutasiya pa tsiku lachitatu. Ambirife timasiyira panjira, ine ndemwe ndinasiya, mwana anayambiranso sabata yotsatira, nesi wina anandikalipira pamaso pa anthu mpaka ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndipo usamumane chakudya kuti m'mimba mupume, ayi, azidya ndithu. Akachira uwonjezere chakudya kamodzi patsiku kwa masabata awiri kuti abweze zomwe anataya. Madzi a pa mjigo nyengo ya mvula ino usawakhulupirire. Sopo m'manja usanaphike, ukachotsa thewera, komanso timanja take iyeyo, poti wayamba kukwawa n'kumatola za nkhuku. Phala la m'mawa lisafike masana lili pa mbale.

Tsono iyi ndinene pano pomwe, amalume akumva, apongozi ako kaya wina awauza. Ndamva kale kuti kwayamba manong'onong'o oti mwanayu watsemphedwa, bambo ake afotokoze bwino. Ine za m'nyumba mwanu sindilowerera, akuluakulu akafuna kukambirana akambirane. Koma mwana asadikire mlandu kutha. Mapazi akatupa, tsitsi kufiira n'kumasosoka, ife timathamangira kunena tsempho, pomwe kuchipatala kumeneko ndi kunyentchera koopsa, kofunika kugonekedwa tsiku lomwelo. Liwombo likalowa, musamate zinthu pamutu, ndi madzi atha m'thupi. Ndipo zomwetsa za m'mabotolo zosadziwika muyeso, pa kamimba kotupa kale, chonde amalume, muletse ndinu.

Ukaona akukana bere, akusanza chilichonse, masanzi obiriwira, magazi m'chimbudzi, maso alowa, wangoti lefu osadzuka bwino, kapena wakomoka, usandiyimbire ine, usalembe pa gulupu, kwera kabaza ngakhale pakati pa usiku. Ndalama ya kabaza achimwene ali ku Joni aja atumiza, ndawaona ali pa intaneti, asanamizire netiweki.

Sikelo usamuyeze tsiku ndi tsiku pa ya ogula nandolo ija, udzidwalitsa mtima. Achipatala akuuza tsiku lobwerera, mwina sabata iliyonse kapena iwiri, sikelo yake ikhale yomweyomweyo. Masaya sabwera sabata imodzi, choyamba uona wayamba kuseka ndi kulimbana nawe supuni.

Loweruka ndikupatsira kondakitala wa minibasi ya ku Limbe kathumba, muli nsinjiro zosinja ndekha, chimera, ndi mapeyala aja a kuseri kwa khola, ena osapsa kuti akufikitse sabata. Ndikuimbira ikamadutsa pa Luchenza kuti ukaime pa siteji. Mawa ukatuluka kuchipatala unditumizire nambala ya pamkono ija ndi chithunzi cha zomwe alemba m'buku. Bando yanga ikutha, moni kwa alamu.