Mafunso Anu: Kodi mtsikana angafike patali ndi masewera a bowls?

Akonzi, mwana wanga wamkazi wa zaka 14 wakopeka ndi lawn bowls, koma anzake akumuseka kuti ndi masewera a nkhalamba. Kodi alipo mtsikana amene anatchuka nawo? Mayi wa ku Blantyre

Alipo mayi, ndipo musamugwetse ulesi mwanayo pa masewera ogubuduza mipira yolemera pa kapingawa. Ellen Ryan wa ku Goulburn, ku Australia, anabadwa mu 1997. Mu 2015, ali ndi zaka 18, anapambana mpikisano wa Australian Open wa amayi osewera payekhapayekha. Mu 2022 pa Commonwealth Games, pa mabwalo a Victoria Park ku Leamington Spa, ku England, anatenga mendulo ziwiri za golide. Payekha anagonjetsa Lucy Beere wa ku chilumba cha Guernsey 21-17, chonsecho poyamba anali atatsalira kutali. Kenako, pa mpikisano wa osewera awiriawiri, iye ndi mnzake Kristina Krstic anaposa England 19-18. Nayenso Katherine Rednall wa ku England anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi wa bowls ya m'nyumba mu 2014 ali ndi zaka 18.

Ndimaona mpira wa bowls ukukhota wokha. Kodi mkati mwake amaikamo chitsulo? Bambo wa ku Chipata

Ayi bambo, mulibe chitsulo. Mpirawo anauumba mopendekera pang'ono mbali imodzi, ndiye ukayamba kutha liwiro umakhotera mbali imeneyo. Kulemera kwake sikupitirira makilogalamu 1.59. Mbali zonse ziwiri uli ndi chizindikiro, china chachikulu china chaching'ono. Chaching'onocho chiziyang'ana kumene mukufuna mpira ukhotere. Mukaugwira mozondotsa, umathawira ku malo osewerera anzanu, ndipo ngakhale akatswiri zimawachitikira akatengeka.

Cholinga ndi kuyandikiza mipira yanu ku kampira kakang'ono kotchedwa jack, kamene kayenera kugubuduzidwa mamita osachepera 23. Osewera payekha amakhala ndi mipira inayi aliyense. Mpira wanu uliwonse umene uli pafupi ndi jack kuposa mpira wapafupi kwambiri wa mnzanu ndi pointi imodzi, ndipo woyamba kufika pa 21 ndiye wapambana.

Nanga chimasiyanitsa wosewera wa pa kalabu ndi woimira dziko n'chiyani? Mphunzitsi wa zamasewera wa ku Lilongwe

Ndi dzanja lodziwa kupima mphamvu, aphunzitsi. Mzere wodutsa mpira munthu amaugwira msanga. Chovuta ndi kuimitsa mpira pa mtunda umene mukufuna, bwalo lililonse limene mwapezapo.

Mabwalo amasiyana kwambiri. Liwiro la bwalo amaliyeza ndi masekondi amene mpira umatenga kuti ukaime pa mamita 27, ndipo apa ambiri amasokonezeka: masekondi akachuluka, bwalolo ndi lothamanga. Pa kapinga wouma, wometa mpala ngati wa ku Australia, mpira mumangousiya pang'onopang'ono, umazungulira patali n'kumayendabe masekondi 15 kapena kuposa. Pa kapinga wonyowa ndi wokhuthala wa ku England mumaukankha ndi mphamvu, umadutsa njira yopapatiza n'kuima msanga. Nchifukwa chake golide wa Ryan ku Leamington Spa timamulemekeza: anakulira pa mabwalo othamanga, koma anakapambanira pa olemera.

Mwana woyamba kumene muzimuyang'ana potulutsa mpira. Ambiri amausiya m'mwamba, umagunda pansi n'kudumpha. Mphamvu imathera pomwepo ndipo kapinga amakumbika. Awerame, bondo lakumbuyo litsike, mpira uchoke m'zala utakhudza kale udzu. Mkono uziyenda pafupi ndi thupi, chifukwa ukapita m'mbali mzere umasintha nthawi iliyonse. Phazi limodzi likhale pa kamphasa koimapo wosewera kapena pamwamba pake pamene mpira ukuchoka, apo ayi woimbira angathe kuukana mpirawo. Musamugulirenso mpira waukulu poti adzakula nawo. Ngati zala zake sizikuugwira bwino, umapulumuka nthawi isanakwane.

Achinyamata amakonda kuponya mwamphamvu kuti amwaze mipira ya mnzawo, poti owonerera amakuwa. Ife tikuti zimenezo zidikire. Poyeserera, ikani jack mmodzi pa mamita 23, wina chakumapeto kwa bwalo, ndipo mwanayo azisinthasintha: mpira uwu wapafupi, wotsatira wakutali, mbali ya kumanja kenako ya kumanzere. Muzilemba mipira imene yaima mosapitirira mita imodzi kuchokera pa jack, kuti mwezi ukatha muone ngati nambalayo yakwera.