Bwanamkubwa wa Tete: amakwera bwanji pampando, ndipo mphamvu zake zimalekera pati

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji a Alberto Vaquina, munthu wosabadwira kuno, kulamulira Tete, komanso ngati bwanamkubwa wa masiku ano angathetse fumbi la malasha ku Moatize.

A Vaquina kwawo ndi kuchigawo cha Nampula, ndipo ndi dokotala amene anaphunzira ku Porto, ku Portugal. Nthawi imeneyo bwanamkubwa sankavoteredwa. Pulezidenti ankangoloza amene wamufuna, nthawi zambiri wochokera kwina. Pulezidenti Armando Guebuza anawaika kukhala bwanamkubwa wa Sofala mu 2005, n'kuwasamutsira kuno mu 2010, malasha atangotsala pang'ono kuyamba kutuluka. Mu Januwale 2012 anthu amene anasamutsidwira ku Cateme kuti apereke malo ku mgodi wa malasha, mabanja opitirira 700, anatseka njanji ya Sena kuti sitima za Vale, kampani imene inkakumba malashawo, zisadutse. Ankadandaula nyumba zong'aluka zikadali zatsopano, minda yosabereka, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuti afike ku Moatize kumene ankagulitsa njerwa ndi makala. Apolisi anawabalalitsa mwankhanza. Chaka chomwecho, mu Okutobala, a Vaquina anakwezedwa kukhala nduna yaikulu m'malo mwa a Aires Ali, mpaka Januwale 2015. Apa mukuona nokha kuti bwanamkubwa wa kale maso ake ankakhala ku Maputo, chifukwa womulemba ndi womuchotsa anali komweko.

Zinasintha mu 2018, malamulo aakulu a dziko atakonzedwa potsatira zokambirana za a Filipe Nyusi ndi a Afonso Dhlakama. Tsopano chipani chilichonse chimapereka mndandanda wa ofuna kulowa mu Assembleia Provincial, nyumba ya aphungu a chigawo. Dzina loyamba pamndandandapo ndiye cabeça de lista, ndipo chipani chikapeza mavoti ambiri, iyeyo ndiye bwanamkubwa kwa zaka zisanu. Palibe pepala lapadera lovotera munthuyo, mumachonga chipani basi. A Domingos Viola a Frelimo analowa choncho pa chisankho cha pa 15 Okutobala 2019.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi apa. Lamulo lomwelo linabweretsa Secretário de Estado, woimira boma lalikulu m'chigawo, woikidwa ndi Pulezidenti, wokhala mumzinda womwewo wa Tete. Bwanamkubwa anapatsidwa zaulimi ndi ziweto, sukulu, zipatala zazing'ono, madzi, misewu ndi milatho ya m'chigawo. Koma migodi, magetsi, apolisi, malire ndi misonkho zinatsala m'manja mwa boma lalikulu. Ndiye kuti malasha a Moatize, magetsi a Cahora Bassa ndi chipata cha Zóbuè, chuma chenicheni cha chigawo chino, munthu amene munamuvotera alibe nazo ulamuliro. Zimenezi n'zowawa, ndipo sizinayenera kutero. Ngakhale ndalama zoyendetsera ntchito zake zambiri amadikira kuti zichokere ku Maputo, n'chifukwa chake msewu wakumudzi ku Angónia kapena ku Tsangano umatha mvula ziwiri usanakhudzidwe.

Pa nkhani ya fumbi, lembani kalata, mfumu ndi mlembi wa bairo asayine, mutchule masiku amene anaphulitsa miyala ku mgodi, muikepo zithunzi za ufa woyanika utada ndi makoma ong'aluka. Kalatayo ipite kwa Secretário de Estado, ina kwa bwanamkubwa popeza zachilengedwe zimamukhudzanso, ina kwa administrador, mkulu wa boma la Moatize. Paliponse uzani mlembi adinde chidindo ndi tsiku pa kope yanu, chifukwa kalata yopanda chidindo amati sinafike.